TanStack Query pa ntchito yolemba matumba a mpunga ku Nkhotakota

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa intaneti, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikusamalira pulogalamu yaing'ono imene kopaletivi ina ya alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota imagwiritsa ntchito polemba zokolola za mamembala ake. Makalaliki atatu, wina kumbali ya Bua, wina kufupi ndi Chia ndipo wina pa boma, amatsegula tsamba la pulogalamuyi pa mafoni a Android, amasankha dzina la mlimi, amaona matumba amene mlimiyo anapereka kale, kenako amalemba kulemera kwa thumba limene lili pa sikelo. Zonsezi zimasungidwa pa seva imene ili kutali ndi kuno, choncho chilichonse chimene kalaliki akufuna kuona pa sikirini chiyenera kupemphedwa kaye ndi kudikiridwa, pamene mzere wa alimi ukukulirakulira padzuwa. Laibulale (code yolembedwa kale ndi ena imene timailowetsa m'mapulogalamu athu) imene ndikuiwunika pano, TanStack Query, ntchito yake ndi yoyang'anira kupempha ndi kudikira kumeneku.

Anaiyambitsa ndi Tanner Linsley m'chaka cha 2019 ndi dzina lakuti React Query, popeza inapangidwira React, chida chomangira masamba a pa intaneti. Dzinali linasintha mu 2022 pamene mtundu wachinayi unatuluka, chifukwa inali itayamba kugwiranso ntchito ndi zida zina monga Vue, Solid ndi Svelte, ndipo mtundu wachisanu, umene ndikugwiritsa ntchito panopa, unatuluka mu October 2023. Ndi yaulere, pansi pa laisensi ya MIT. Wina mwa anthu amene amaisamalira kwambiri ndi Dominik Dorfmeister, ndipo zolemba zake zinandithandiza kumvetsa chifukwa chimene zinthu zina zinapangidwira mmene zilili.

Ndisanaidziwe, ndinkachita zimene ambiri a ife timachita tikangophunzira React. M'component (kachigawo ka tsamba) iliyonse yofuna deta ndinkalemba useEffect yotumiza pempho ndi fetch, njira ya browser yopemphera deta ku seva, ndi useState zitatu, imodzi yosunga yankho, ina yosonyeza kuti tikudikira, ndi ina yosunga cholakwika. Pa laputopu yanga zonse zinkayenda bwino. Cholakwa chake chinaonekera mu June wa chaka china, mpunga wa Kilombero utachuluka pa depoti ya ku Bua. Kalaliki anasankha dzina la mayi wina, netiweki inachedwa, ndipo poona kuti wasokoneza mzere anasankha msanga dzina la bambo amene anali patsogolo. Pempho lachiwiri linayankhidwa msanga, koma loyamba lija linafika pambuyo pake n'kufafaniza zimene zinali pa sikirini, moti pamwamba panali dzina la bamboyo pamene chiwerengero cha matumba chinali cha mayi aja. Kalalikiyo anawerenga mokweza zimene anaona, ndipo bamboyo, amene ankadziwa bwino matumba ake, anaganiza kuti akuberedwa. Wapampando wa kopaletivi anandiimbira madzulo ake n'kundiuza mwaulemu kuti, "Achimwene, anthu awa amalima ndi thukuta, makina anuwa asamawanamize." Vuto linali langa, chifukwa sindinalembe njira yonyalanyaza yankho la pempho limene lapitidwa kale, ndipo njira imeneyi ikanafunika kulembedwa m'component iliyonse payokhapayokha.

Chinthu choyamba chimene TanStack Query inandipatsa ndi kutha kwa vuto limeneli popanda kulimbana nalo tsamba ndi tsamba. Pempho lililonse limapatsidwa dzina lake, lotchedwa queryKey, ndipo yankho limasungidwa pansi pa dzina limenelo m'cache, imene ine ndimaifotokozera makalaliki kuti ndi nkhokwe ya m'foni. Ngati dzina la pempho lili ndi mawu akuti mlimi pamodzi ndi nambala ya membala, yankho la mayi aja limapita m'chipinda chawo ngakhale litachedwa motani, ndipo component imene ikuyang'ana bambo aja imangowerenga za m'chipinda cha bamboyo. Kuwonjezera apo, ngati ma component awiri pa tsamba limodzi akufuna deta yofanana pa nthawi imodzi, monga mutu wa tsamba ndi tebulo la m'munsi, pempho limatumizidwa limodzi lokha ndipo onse awiri amagawana yankho. Laibulaleyi imaperekanso AbortSignal, chizindikiro choimitsira pempho, ku ntchito imene ikutumiza pempholo, ndipo mukaipereka kwa fetch, pempho limene silikufunikanso limadulidwa lisanadye bandulo pachabe. Code yanga inachepa kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo sitinaonenso matumba a munthu wina pansi pa dzina la mnzake.

Chachiwiri chimene ndimachiyamikira ndi mmene imasiyanitsira mafunso awiri amene kale ndinkawasakaniza. Funso lakuti kodi tili ndi deta limayankhidwa ndi status, imene imakhala pending, error kapena success, pamene funso lakuti kodi pempho likuyenda panopa limayankhidwa ndi fetchStatus, imene imakhala fetching, paused kapena idle. Kumalo kumene netiweki imabwera ndi kupita, kusiyanitsa kumeneku n'kofunika zedi, chifukwa n'zotheka kukhala ndi deta yabwino ya m'mawa pa sikirini pamene pempho latsopano laima kudikira netiweki. Kalaliki safunika kuona kachizindikiro kozungulira pa tsamba lopanda kanthu. Amaona mndandanda wa alimi, ndipo pakona pali mawu ang'onoang'ono omuuza nthawi imene detayo inatengedwa. Maganizo amenewa, oonetsa zimene muli nazo kale uku mukukatenga zatsopano mwakachetechete, amadziwika ndi dzina lakuti stale-while-revalidate, ndipo analembedwa koyamba ngati lamulo la HTTP, njira imene browser ndi seva zimalankhulirana, m'chikalata chotchedwa RFC 5861 m'chaka cha 2010.

Komabe laibulaleyi imabwera itatcheredwa kale m'njira yoyenera anthu amene intaneti yawo ndi yotsika mtengo ndiponso yosaduka, ndipo amene angaiike n'kuisiya choncho kuno kwathu adzalipira ndi bandulo ya makalaliki ake. Nambala ya staleTime, imene imanena kutalika kwa nthawi imene deta imaonedwa kuti idakali yatsopano, imayambira pa 0. Izi zikutanthauza kuti yankho likangofika limatengedwa kale ngati lofunika kulitenganso. Palokha zimenezi sizitumiza pempho, koma pali zinthu zitatu zimene zimalidzutsa: component yatsopano ikayamba kugwiritsa ntchito detayo, netiweki ikabwerera, ndiponso munthu akabwerera pa tsambalo kuchokera kwina. Chachitatuchi ndi chimene chinatipweteka. Kalaliki wa ku Chia amalandira mauthenga a pa WhatsApp tsiku lonse, ochokera kwa oyendetsa magalimoto onyamula mpunga ndi kwa a komiti, ndipo nthawi iliyonse imene ankatuluka kukawerenga uthenga n'kubwerera, foni inkakatenganso mndandanda wonse wa mamembala, mndandanda umene umasintha mwina kamodzi pa sabata. Iye ndi amene anazindikira kuti bandulo ikutha msanga kuposa kale, ndipo ine ndinapeza chifukwa chake nditatsegula Devtools, chida chimene chimabwera padera ndi laibulaleyi ndipo chimaonetsa pempho lililonse ndi mmene lilili.

Kukonza kwake sikunali kovuta, koma kunandikakamiza kukhala pansi ndi mlembi wa kopaletivi n'kufunsana za deta iliyonse kuti imasintha kangati. Mayina a midzi ndi madepoti ndinawapatsa staleTime ya Infinity, chifukwa sasintha mkati mwa nyengo. Mndandanda wa mamembala ndinaupatsa ola limodzi. Mtengo wa tsiku pa kilogalamu, umene komiti ingausinthe masana, ndinaupatsa mphindi zisanu ndipo ndiwo wokha umene ndinaulola kutengedwanso munthu akabwerera pa tsamba. Matumba a mlimi aliyense ndinawasiya kuti azitengedwanso pokhapokha kalaliki akalemba thumba latsopano, pogwiritsa ntchito invalidateQueries, imene imauza laibulaleyi kuti detayo yakalamba. Ndikuona kuti kukambirana kumeneku kunandiphunzitsa zambiri za kopaletiviyi kuposa misonkhano yonse imene tinachita poyamba, ndipo ndimaiwerengera laibulaleyi ngati mfundo yabwino kuti inachititsa funso limeneli kukhala nambala imodzi yoonekera, m'malo mobisika m'mizere yambiri ya code.

Nkhani ya kuyesanso pempho likalephera ili ndi ubwino wake ndi msampha wake. Mwachibadwa, pempho lotenga deta likalephera limayesedwanso katatu, ndipo nthawi yodikira imawirikiza, sekondi imodzi, kenako ziwiri, kenako zinayi, mpaka malire a masekondi 30 ngati mwawonjezera maulendo oyesera. Kwa netiweki imene imangodukiza pang'ono, zimenezi zimapulumutsa kalaliki ku mauthenga ambiri a cholakwika. Koma laibulaleyi imadziwa kuti pempho lalephera pokhapokha ntchito yanu ikaponya cholakwika, ndipo fetch siiponya cholakwika seva ikayankha ndi 404 kapena 500, manambala osonyeza kuti chinthucho kulibe kapena kuti seva yalephera, choncho muyenera kuyang'ana nokha response.ok, imene imanena ngati yankho lili bwino. Choopsa kwambiri n'chakuti ilibe malire ake a nthawi yodikira. M'madambo a mpunga, foni imatha kuonetsa kuti netiweki ilipo pamene palibe chimene chikudutsa, ndipo pempho limangolendewera osalephera, osapambana, kotero kuyesanso kuja sikuyamba n'komwe. Ndinayenera kuwonjezera ndekha malire a masekondi 15 pa pempho lililonse. Ndinalembanso lamulo lakuti seva ikayankha kuti munthu alibe chilolezo kapena kuti chinthucho kulibe, kuyesanso kusachitike, popeza yankho limenelo silingasinthe ngakhale mutafunsa kangati.

Vuto lofanana nalo lili pa mmene imadziwira kuti foni ili pa intaneti. Imadalira zimene browser yanena, ndipo browser imangodziwa ngati foni yalumikizana ndi netiweki, osati ngati deta ikuyenda. Bandulo ikatha pakati pa ntchito, monga zimachitikira kawirikawiri, foni imaonekabe kuti ili pa intaneti, choncho mapempho saima pa paused koma amalephera. Pali chida chotchedwa onlineManager chimene mungachiphunzitse njira yanu yodziwira zimenezi, ndipo pali networkMode imene mungaisinthe kukhala always kapena offlineFirst, koma zonsezi muyenera kuzifufuza nokha m'malangizo, amene ndi omveka bwino koma olembedwa m'Chingerezi chofuna munthu wozolowera kale nkhanizi.

Nkhokwe ija imakhala m'memory ya foni, ndipo deta imene palibe component ikuigwiritsa ntchito imachotsedwa pakatha mphindi zisanu, nthawi imene imatchedwa gcTime mu mtundu wachisanu ndipo kale inkatchedwa cacheTime. Mafoni a makalaliki athu ali ndi memory yochepa, ndipo Android imatseka tsamba la browser mwakachetechete munthu akatsegula kamera kapena pulogalamu yotumizira ndalama. Akabwerera, tsamba limayamba mwatsopano ndipo nkhokwe imakhala yopanda kanthu. Yankho lake ndi persistQueryClient, imene imalemba za m'nkhokwe mu localStorage kapena IndexedDB, malo a browser osungira deta m'foni, kuti zidzapezeke tsamba likatsegulidwanso. Imagwira ntchito bwino, ndipo tsopano kalaliki amatha kutsegula mndandanda wa mamembala m'mawa pamene pali netiweki n'kuugwiritsa ntchito tsiku lonse. Chimene chinanditayitsa masiku awiri n'chakuti deta yosungidwayo imaloledwa kukhala maola 24, koma ngati gcTime yatsala pa mphindi zisanu, zinthu zimachotsedwa m'nkhokwe msanga ndipo zolembedwa m'foni zimatsatira. Nambala ziwirizi ziyenera kugwirizana. Malangizo amanena zimenezi momveka, ndipo ndikanawerenga modekha sindikanavutika.

Pamene ndikufuna kuchenjeza anzanga kwambiri ndi pa kutumiza deta ku seva, chimene laibulaleyi imachitcha mutation. Pano ndi pamene pali ndalama za alimi. Mosiyana ndi mapempho otenga deta, mutation siiyesedwanso ikalephera pokhapokha mutalamula, ndipo ndikuona kuti amene anaipanga anaganiza bwino, chifukwa kutumiza thumba limodzi kawiri n'koipa kuposa kulephera kulitumiza. Browser ikadziwa kuti netiweki palibe, mutation imaima n'kudikira, ndipo imapitiriza yokha netiweki ikabwerera. Koma pali chochitika chimodzi chimene laibulale iliyonse ya m'foni singachithetse: pempho lafika pa seva, thumba lalembedwa, koma yankho latayika panjira pobwerera. Kalaliki amaona cholakwika, amadinanso batani, ndipo mlimi amakhala ndi matumba awiri m'kaundula pamene anabweretsa limodzi. Zinatichitikira, ndipo zinadziwika pamene chiwerengero cha m'kompyuta chinakana kugwirizana ndi matumba enieni a m'nyumba yosungiramo. Mankhwala ake ali kumbali ya seva. Tsopano foni imapanga nambala yapadera ya thumba lililonse ndi crypto.randomUUID fomu ikangotsegulidwa, ndipo seva ikaona nambala imene inailandira kale imangoyankha kuti zili bwino osalembanso. Zimenezi zitakhazikika m'pamene ndinalimba mtima kulola mutation kuyesedwanso.

Palinso ntchito ina yowonjezera ngati mukufuna kuti matumba amene akudikira asatayike tsamba likatsekedwa. Deta ya mutation imasungika m'foni, koma ntchito yoitumiza singasungidwe ngati malemba, choncho muyenera kuilembetsa pasadakhale ndi setMutationDefaults, kenako n'kuitana resumePausedMutations nkhokwe ikabwezeretsedwa. Zimagwira, koma apa ndi pamene ndinamva kuti ndafika kumalire a chimene chida ichi chinapangidwira. Ndi chida choyang'anira deta ya pa seva imene foni yabwereka, osati kaundula wathunthu wa m'foni, ndipo kopaletivi imene makalaliki ake amakhala masiku angapo opanda netiweki ingachite bwino kumanga pulogalamu yake pa database ya m'foni imene imagwirizanitsidwa ndi seva pambuyo pake.

Laibulaleyi imalolanso kuonetsa zotsatira pa sikirini seva isanavomereze, zimene zimachititsa pulogalamu kuoneka yachangu. Ndinayesa kwa sabata imodzi n'kusiya. Mlimi akaona kuti thumba lake lawonjezeredwa pa chiwerengero amanyamula njinga yake n'kumapita, ndipo ngati seva yakana pambuyo pake, nambala imabwerera m'mbuyo iye kulibe. Ndinasankha kuti thumba limene silinavomerezedwe lizioneka m'bokosi lachikasu lolembedwa kuti likudikira kutumizidwa, ndipo kalaliki amalilembanso m'buku la pepala limene kopaletivi sinalisiye. Mayi wina wachikulire wa m'komiti ndi amene anaumirira kuti bukulo likhalepo, ndipo anali ndi mfundo.

Kusamuka kuchoka pa mtundu wachinayi kupita pa wachisanu kunandidyera sabata yathunthu. Mawu akuti loading anasanduka pending, useQuery inayamba kulandira zonse m'chinthu chimodzi, keepPreviousData inalowa m'placeholderData, ndipo onSuccess ndi onError zinachotsedwa pa useQuery, pamene ine ndinali nditazidalira m'malo ambiri poonetsa mauthenga. Zifukwa zake zinali zomveka, koma kwa munthu amene amagwira ntchito yekha ndipo amalipidwa kamodzi pa nyengo, sabata imeneyo ndi yolemera. Mtundu wachisanu umafunanso React 18 ndi browser yatsopanoko, kuyambira Chrome 91 kapena Safari 15. Foni imodzi ya kopaletivi, imene Chrome yake inali isanakonzedwe kwa zaka, inangoonetsa tsamba loyera, ndipo ndinakwera minibasi mu msewu wa M5 kupita ku Bua kukaikonza pamanja. Amene makasitomala awo ali ndi mafoni akale ayambe afufuza zimenezi asanasamuke.

Ndinayesanso SWR, laibulale ya kampani ya Vercel imene inatulukanso mu 2019. Ndi yaing'ono kuposa TanStack Query ndipo ndi yosavuta kuiphunzira, moti pa tsamba longoonetsa mitengo kapena nkhani ndikanasankha imeneyo. Pa ntchito yathu, kuima ndi kupitiriza kwa mutation pamodzi ndi Devtools ndi zimene zinandikokera kuno. RTK Query, laibulale ina ya ntchito yomweyi, ndi yoyenera kwa amene pulogalamu yawo ili kale pa Redux, chida china choyang'anira deta ya m'pulogalamu, ndipo yanga sinali.

Kwa mnzanga wolemba mapulogalamu ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Dwangwa amene akulembabe useEffect pa pempho lililonse, ndikuilimbikitsa laibulaleyi ndi mtima wonse pa ntchito yotenga ndi kuonetsa deta, bola tsiku loyamba lomwelo asinthe staleTime, aike malire a nthawi yodikira, ndipo ayese pulogalamu yake pa foni yotsika mtengo ali pamalo pamene makasitomala ake amagwirira ntchito. Pa kutumiza deta ndikuilimbikitsa pokhapokha seva itaphunzitsidwa kukana zobwerezedwa. Nyengo ikubwerayi kopaletivi ikufuna kutsegula depoti yachinayi kumbali ya Benga, ndipo ndapempha a komiti kuti andilole ndikakhale kumeneko masiku awiri ndi foni ya kalaliki sikelo isanafike, kuti ndikaone ngati malire a masekondi 15 aja ndi okwanira pa netiweki ya kumeneko.